Njuga ya kuseri ndi ya ku kasino: yotetezeka ndi iti?

Nyengo yokolola ikafika ku Kasina, ndalama za mbatatesi, soya ndi chimanga zimalowa m'matumba mwa achinyamata ambiri, ndipo makadi nawo amatuluka. Kuseri kwa magolosale ndi m'nyumba zotseka mawindo, anthu amazungulira mphasa mpaka usiku. Ife ophunzira tikapita kutchuthi timamva anzathu akukangana: ena amati njuga ya pakati pa odziwana ilibe vuto, ena amati yabwino ndi ya malo ovomerezeka ndi boma. Mkanganowu ndi wofunika kuuunika bwino.

Njuga ya kuseri ndi yoopsa pa moyo weniweniwo. Ndalama zimakhala pamtunda, aliyense akuziona. Palibe woweruza, choncho wina akaika chizindikiro pa khadi, kapena awiri akagwirizana zodyera wachitatu, mlandu umatha ndi zibakera kapena mpeni, makamaka kachasu akakhala pafupi. Wopambana amayenda mumdima anthu onse akudziwa zomwe zili m'thumba mwake. Woluza amabwereka kwa wakatapila pompo, n'kupinyolitsa foni, njinga kapena thumba la feteleza. Choipitsitsa, woberedwa amaopa kupita kupolisi chifukwa njuga yopanda chilolezo ndi yoletsedwa, ndiye kukadandaula kuli ngati kudzipereka yekha. Akuba amazidziwa bwino zimenezi.

Ku makasino a ku Lilongwe ndi Blantyre zinthu ndi zosiyana. Kuli alonda ndi makamera, makadi amagawa ndi wantchito amene sakupikisana nawo, ndipo ana osakwana zaka 18 saloledwa. Bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2022, ndi lomwe limapereka ziphaso, ndipo wodandaula ali ndi kolowera. Izi sitikutsutsa.

Koma mlonda wa pachipata amateteza thupi lanu, osati ndalama zanu. Taonani gudumu la roulette. Lili ndi manambala 37, kuyambira 0 mpaka 36. Mutaika K1,000 pa nambala iliyonse, mwatulutsa K37,000. Nambala imodzi ipambana ndithu, koma mudzalandira K36,000 yokha. K1,000 yotsalayo ndi ya mwini kasino, ndipo zimenezi zimachitika popanda wina kuba. Pa tebulo la poker, kasino amatapa kagawo pa ndalama zomwe osewera aika. Masewerowa anapangidwa kuti amene wasewera nthawi yaitali atuluke ndi zochepa.

Mnyamata wa ku Kasina mwina sadzapondako ku kasino, koma kasinoyo anamufikira kale pafoni. Kandege ndi kubetcha pa mpira zimangofuna Airtel Money kapena Mpamba. Pamenepo palibe womubaya, koma palibenso womuona n'kumuletsa. Tikuopa kuti mawu akuti "zovomerezeka" akusamutsa achinyamata kuchoka pamphasa kupita pafoni, ndalama ya fizi n'kumapita chimodzimodzi. Mpingo wathu wa Seventh-day Adventist unanena poyera mu 2000 kuti umakana njuga, chifukwa phindu la mmodzi limachokera m'kuluza kwa ena, ndipo chiphaso sichisintha zimenezi.

Tikupempha mafumu ndi makomiti achitetezo cha m'mudzi kuti atseke malo a njuga ya kuseri asanaphedwepo munthu, ndipo apolisi amulandire bwino amene waberedwa kapena kuvulazidwa kumeneko, kuti anthu asamabise zaupandu. Makolo aziyang'ana kumene ndalama za mbewu zikupita sabata yoyamba akagulitsa. Ifenso ophunzira tili ndi gawo lathu. Masamu a manambala 37 aja tingawalembe papepala n'kuwaonetsa ang'ono athu, kenako n'kuwaperekeza ku banki m'khonde, komwe ndalama yoikidwa mu Juni imabwerera nthawi yogula feteleza itakwana.