Mwana akachedwa, funsaninso za insulini

Banja likatha zaka ziwiri popanda mwana, kumudzi kuno mlandu suchedwa kugamulidwa: wolakwa ndi mkazi. Apongozi amayamba kunong'ona, ena n'kumalozera kwa sing'anga. Monga mphunzitsi wa Biology ndimaona kuti pali chinthu chimodzi chimene sitichitchula pa nkhaniyi, insulini.

Insulini ndi homoni yochokera m'kapamba. Tikadya nsima shuga amachuluka m'magazi, ndipo insulini ndiye amamulowetsa m'maselo. Mwa anthu ena maselowo amachita makani, samumvera msanga, choncho kapamba amangotulutsa wochuluka. Munthu atha kukhala chotere zaka zambiri, akayezetsa shuga n'kumuuza kuti ali bwino.

Kwa mayi vutoli limafika ku mazira. Insulini wochuluka amakankha timatumba ta mazira kupanga homoni yachimuna mopyola muyeso, ndipo chiwindi chimachepetsa puloteni imene imagwira homoniyo m'magazi. Dzira limayamba kukula koma silikhwima, silituluka. Izi zimachitika kawirikawiri pa vuto lotchedwa PCOS, lomwe limagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 10 a msinkhu wobereka. Msambo umadumpha miyezi, kumaso kumamera tsitsi ngati ndevu, ziphuphu sizitha. Ena khungu limada ndi kukhuthala m'khosi ndi m'khwapa, anthu n'kumati sasamba, pamene ndi chizindikiro cha insulini.

Kuchipatala madokotala amapereka letrozole kapena clomiphene kuti dzira lituluke. Koma mayi wonenepa kwambiri, wa insulini wambiri, clomiphene nthawi zina samugwira, ndipo banja limataya mtima msanga. Apa adokotala atha kuwonjezera metformin, mankhwala omwe amamwa odwala shuga aja, kuti thupi liyambenso kumvera insulini. Poyamba amabweretsa mseru ndi kutsekula m'mimba, n'chifukwa chake amayambira pang'ono. Musagule nokha mankhwala otulutsa mazira chifukwa mnzanu anamuthandiza. Amatha kubweretsa mapasa ndi mavuto ena ofunika kuwalondoloza.

Chovuta kuchinena n'chakuti kwathu kuno mkazi akanenepa timati bambo akusamala. Komatu mayi wa makilogalamu 80 akatsika ndi makilogalamu 4 mpaka 8, kawirikawiri msambo umabwerera m'malo. Mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, nyemba ndi masamba zambiri, nsima yochepa, tiyi wosathira masipuni anayi a shuga, zakumwa zotsekemera kuzisiya. Sindikunena kuti ndi vuto la onenepa okha, ayi. Alipo amayi oonda, olima tsiku lonse, amene ali nalo.

Mimba ikakhala, uzani anamwino ku sikelo za mbiri imeneyi, chifukwa amayi otere shuga amawakwera msanga ali oyembekezera.

Ndipo inu abambo, musamutumize yekha mayiyo kuchipatala. M'mabanja ambiri osapeza mwana vuto limapezekanso kwa mwamuna, ndipo kuyeza umuna n'kosavuta poyerekeza ndi zimene amayi amadutsamo.