Linki ikakana kutseguka, musathamangire kuflasha foni

Sabata yatha mng'ono wanga anatsala pang'ono kutaya K10,000 pamodzi ndi zithunzi zonse za pamaliro a agogo athu, chifukwa cha linki imodzi yomwe inakana kutseguka.

Mnyamatayu analemba mayeso a Fomu 4 zaka ziwiri zapitazo, ndipo ngati anzake ambiri kuno ku Kauma, ntchito amaisaka pafoni. Pagulu lina la WhatsApp panagwa uthenga woti kampani ina ku Kanengo ikufuna anyamata osunga katundu, ofuna mwayiwo alembe fomu ya pa intaneti isanakwane 5 koloko madzulo a Lachisanu. Anadina linki ija. Foni inaphethira kaye, kenako kunabwera tsamba loyera mbee, pamwamba pake pali zotsatsa za kubetcha mpira. Anadinanso, zomwezo. Anazimitsa foni n'kuyatsanso, palibe chosintha. Anagula bandulo ina poganiza kuti yoyamba yatha, ndalama n'kupita ulele.

Lachinayi m'mawa anapita nayo kwa wina wokonza mafoni pamsika. Mkuluyo sanaitsegule n'komwe. Anangoitembenuza kawiri, amvekere: "Iyi yalowa virus, man. Tiiflashe basi." Apa m'pamene mnyamata anandiimbira: "Achimwene, ndithandizeni teni sauzande, foni yafa, ntchito indidutsa." Ndinamuuza kuti abwere nayo kunyumba kaye.

Ine si katswiri wa mafoni. Kungoti yanga inandichitapo zomwezi chaka chatha, ndiye ndinadziwa poyambira. Ndinamufunsa ngati foniyo yasintha china chilichonse posachedwa. Anati masiku awiri m'mbuyomo inapanga update pa WiFi ya kuntchito kwa mnzake ku City Centre. Titalowa mu Settings tinapeza kuti browser ina yomwe inabwera ndi foni, yomwe iye sanaigwiritsepo ntchito chiigulire, ndi imene inali itatenga udindo wotsegula malinki onse. Tinabwezera yomwe amagwiritsa ntchito masiku onse, fomu n'kutseguka. Sizinatitengere mphindi ziwiri.

Chomwe chikundilembetsa ndi ichi: ambirife foni timaidziwa kutsogolo kokha. Kuika status, kupanga TikTok, kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, pamenepo ndife madolo. Koma linki ikangokana kutseguka timaima manja m'khosi, n'kupereka foni kwa munthu amene phindu lake lili pa kuiflasha. Sindikunyoza okonza mafoni, ambiri ndi anyamata olimbikira ndipo sikirini ikasweka kapena polowetsera chaja pakafa timathamangira kwa iwo omwewo. Koma kuflasha kumafufuta zonse: manambala omwe simunawasunge kwina, zithunzi, mauthenga, ngakhale CV yomwe munavutika kuilemba. Vuto la linki kawirikawiri silifika pamenepo.

Linki ndi adiresi chabe. Payokha siyenda, imafuna wina woti akutengeni kukakufikitsani pa adiresipo, ngati wa kabaza. Wa kabazayo ndiye browser, kaya ndi Chrome, Opera Mini, Firefox, Samsung Internet kapena Phoenix yomwe imapezeka m'mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix. Pakati pa onsewa foni imakhala ndi mmodzi yemwe imamuitana osakufunsani, ndiye amene amatchedwa default. Update ikabwera, nthawi zina imaiwalitsa foni zomwe munasankha, kapena imadzutsa app yomwe inali gone. Mukadina linki, wobwera kudzakutengani ndi wa kabaza wachilendo amene sakudziwani, alibe akaunti yanu ya Google, ndipo mafomu ena amafuna kuti mulowe ndi akauntiyo kaye.

Pafoni ya Android, lowani mu Settings, pitani pa Apps, fufuzani polembedwa Default apps, kenako Browser app, n'kusankha yomwe mukufuna. Mafoni amasiyana kaikidwe ka zinthu, choncho ngati simukupapeza, lembani mawu oti default m'kabokosi kofufuzira kamene kali pamwamba pa Settings. Ngati zakanikabe, pamndandanda wa ma app pali timadontho titatu pakona, ndipo pamenepo mupeza Reset app preferences. Izi sizifufuta zithunzi kapena mauthenga, zimangobwezera zosankha zonse poyambira, moti foni idzakufunsaninso kuti linki itsegulidwe ndi chiyani. A iPhone nawo akhala ndi mwayi wosintha browser kuyambira pa iOS 14 ya mu 2020.

Koma musanafike konseko, yambani mwadzifunsa kuti muli pa bandulo yanji. Ili ndiye vuto lathu lenileni kuno kwathu. Ambirife timagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha chifukwa ndiyo tingakwanitse. Uthenga umafika bwinobwino, linki n'kuoneka ya buluu, koma mukaidina mwatuluka m'bwalo la WhatsApp, mwalowa mumsewu wa intaneti yonse, komwe bandulo yanu ilibe mphamvu. Foni ilibe mlandu pamenepo. Yesani kutsegula tsamba lina lililonse mu browser. Likakana nalonso, vuto ndi bandulo kapena netiweki.

Chachiwiri, onani tsiku ndi nthawi. Magetsi akathima tsiku lonse foni n'kufera m'thumba, ina ikamadzuka imabwerera ku chaka chomwe inapangidwa. Masamba ambiri a pa intaneti ali ndi chiphaso cha chitetezo chokhala ndi masiku oyambira ndi othera, ndiye foni ikasokoneza kalendala imaganiza kuti chiphasocho n'chabodza, n'kukuchenjezani kuti kulumikizana kwanu si kotetezeka. Konzani nthawi, muike kuti izidzisintha yokha potsatira netiweki.

Chachitatu, ikayikireni linkiyo. Uthenga ukayenda m'magulu khumi, wina kukopera, wina kudula, linki imafika yoduka mchira kapena yomatana ndi mawu ena. Mukaona nambala 404, ndiye kuti mwafika pamalopo koma tsambalo kulibe, mwina analichotsa kapena adiresi yalakwika. Ngakhale mutaflasha foni kakhumi silibwerera. Dinani linkiyo kwa kanthawi osachotsa chala, muikopere, muimate mu browser nokha ndi kuiwerenga bwinobwino.

Pali kanthu kenanso kobisika kotchedwa Android System WebView. Aka ndi kamene kamathandiza ma app ambiri kuonetsa masamba a intaneti mkati mwawo momwemo. Mu Malichi 2021 update yolakwika ya kanthu kameneka inagwetsa ma app ngati Gmail m'mafoni a Android padziko lonse, anthu n'kumaganiza kuti mafoni awo aonongeka. Mankhwala ake anali kungopita pa Play Store n'kupanga update WebView ndi Chrome, Google itakonza cholakwikacho. Tangoganizani munthu amene anaflasha foni tsiku limenelo. Chaka chomwecho Android 12 inasinthanso kayendedwe ka malinki: app imene sinatsimikizidwe kuti ndi mwini wa adiresi ina siitsegulanso yokha, linki imapita ku browser. N'chifukwa chake ena munadabwa kuona linki yomwe kale inkatsegukira mu app ikukutengerani kwina. Zimenezi mumakonza polowa mu Settings, kusankha app yomweyo, n'kupita pa Open by default.

Mwina mukuti, nanga bwanji makampani akuluakuluwa amalimbirana kanthu kakang'ono chonchi? Si kakang'ono ayi. Amene watsegula linki yanu ndi amene amakuonetsani zotsatsa ndi kudziwa komwe mumapita. Pamlandu wina ku America zinaululika kuti mu 2021 mokha Google inalipira madola 26.3 biliyoni kuti makina ake ofufuzira akhale default m'mafoni ndi m'ma browser osiyanasiyana, ndipo mu Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta anagamula kuti kampaniyi inaphwanya malamulo a mpikisano pa malonda. Ku Ulaya nako, mu 2013 bungwe la European Commission linalipitsa Microsoft mayuro 561 miliyoni chifukwa update ina ya Windows 7 inachotsa tsamba lomwe linkafunsa anthu browser yomwe akufuna. Anthu pafupifupi 15 miliyoni sanafunsidwe. Onani, nkhani yomweyi ya update ndi browser, koma kumeneko inathera pa chindapusa.

Kwa ife kuno palibe amene amatifunsa. Foni imabwera kuchokera kusitolo kapena kwa wogulitsa za kaunjika ku Area 2 itadzaza kale ndi ma app omwe sitinawapemphe, ena osatheka n'kuchotsa komwe. Ndikuona kuti MACRA ndi bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC ali ndi poyambira apa, ngakhale pa kuphunzitsa anthu chabe. Mauthenga otichenjeza za akuba a pafoni timawamva pawailesi. Bwanji osaonjezerapo mphindi imodzi, m'Chichewa, yofotokoza momwe munthu angasankhire browser ndi kusiyanitsa bandulo? Ndipo inu olemba anthu ntchito, masukulu ndi maofesi a boma, mukamaika mwayi kuseri kwa linki, ikaniponso njira ina, kaya imelo kaya malo okasiya kalata. Mwana wa ku Mgona kapena ku Chinsapo amene wakongola K500 ya bandulo asaluze mwayi chifukwa tsamba lanu ndi lolemera moti foni yake yaing'ono siingalinyamule.

Ndamvapo anzanga ena akunena kuti njira yabwino n'kukana update iliyonse. Ndikuwamvetsa. Data ndi yodula, malo m'foni ndi ochepa, ndipo ukapsa kamodzi umaopa ngakhale phulusa. Koma apa sindigwirizana nawo. M'foni momwemo ndi momwe muli ndalama zanu, ndipo ma update ambiri amabwera kudzatseka mipata yomwe akuba apeza. Browser yakalekale nayonso imafika poti masamba atsopano siitha kuwatsegula. Chofunika n'kusankha nthawi. Musapange update usiku woti mawa mukulemba fomu, kuona zotsatira za MANEB kapena mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite. Pangani muli ndi mpata, batire itadzaza, ndipo ikatha yesani linki imodzi kapena ziwiri kuti muone ngati zonse zili m'malo.

Update yeniyeni imachokera mu Settings kapena m'sitolo yovomerezeka ya ma app ngati Play Store basi. Uthenga wa pagulu woti dinani apa kuti WhatsApp yanu isatsekedwe, kapena kuti mulandire data yaulere, umenewo ndi msampha. Chimodzimodzi ma app omwe timapatsirana pa Xender kapena kukaikitsa kwa anyamata oika nyimbo, monga GB WhatsApp. Amenewa sachokera kwa eni ake, sadzikonza okha, ndipo simudziwa chomwe wina anaikamo. Nthawi zina linki yokana kutseguka ndi foni yanu ikukutetezani. Tsamba lofiira likakuchenjezani kuti kutsogoloko n'koopsa, musakakamire. Ndipo tsamba lililonse lofunsa PIN yanu ya ndalama, tulukanimo msanga.

Ngati mwayesa zonsezi koma zakanika, apo pitani kwa wokonza, koma mufunseni akuuzeni chimene wapeza asanafufute kanthu. Mukalowa pa Storage ya app iliyonse pali mabatani awiri oyandikana: Clear cache imangosesa zinyalala, pomwe Clear data imachotsa zonse za mu app imeneyo. Muziona batani lomwe chala chake chikupita. Ndipo kaya foni ili bwino kaya ayi, sungani manambala anu pa akaunti ya Google, zithunzi zofunika muzikopere pa memory card.

Mng'ono wanga anatumiza fomu ija Lachinayi usiku, tsiku lotsekera lisanafike. Kuyankha sanamuyankhe mpaka lero, ndipo mwina sadzamuyankha n'komwe, ntchito za masiku ano tikuzidziwa. Koma zithunzi za agogo zilipo, ndipo teni sauzande ija tinagulira ufa ndi makala. Dzulo ndinamupeza pa mpopi wa madzi atagwira foni ya mayi wina woyandikana nafe, akumuonetsa polembedwa Default apps. Mayiyo amafuna kutsegula linki ya sukulu ya mwana wake, ndipo anali atauzidwa kale mtengo wa kuflasha.