Mfuti zaloledwa, koma alenje akalamba: Japan ndi vuto la zimbalangondo

Pa 13 Novembala 2025, dziko la Japan lidayamba kulola apolisi kuombera zimbalangondo ndi mfuti za rifle. Ichi ndi chiganizo chachikulu m'dziko lomwe malamulo ake okhudza mfuti ndi okhwima kwambiri, ndipo chikusonyeza kukula kwa mantha omwe agwira anthu kumpoto kwa chilumba cha Honshu.

Kuyambira mu Epulo mpaka mu Novembala chaka chimenecho, zimbalangondo zidapha anthu 13, ambiri mwa iwo m'zigawo za Iwate ndi Akita. Chiwerengerochi chidaposa kawiri cha 2023, pomwe anthu 6 adaphedwa. Ku Honshu, chilombo chomwe chikuvutitsa ndi chimbalangondo chakuda cha ku Asia, chodziwika ndi mzere woyera wonga mwezi pachifuwa.

Boma lidayamba ndi kusintha lamulo. Kuyambira pa 1 Seputembala 2025, akuluakulu a mizinda ndi matauni adapatsidwa mphamvu zolamula alenje kuombera chimbalangondo pamalo okhala anthu ngati moyo uli pachiswe. M'mbuyomo, mlenje amadikira lamulo la wapolisi. Mu Novembala, bwanamkubwa wa Akita, a Kenta Suzuki, atapempha thandizo, asilikali adatumizidwa m'chigawocho. Iwo sadaloledwe kuombera. Ntchito yawo idali kunyamula ndi kutchera misampha komanso kuthandiza alenje pa mayendedwe.

Apa ndi pomwe pagona vuto lenileni. Lamulo lingalole mfuti, koma pamafunika munthu woigwira. M'zaka za m'ma 1970, Japan idali ndi ziphaso zaulenje zoposa 500,000. Lero zatsala pafupifupi 200,000, ndipo oposa theka la eni ake ndi azaka 60 kapena kuposerapo. Komanso, mwa lamulo, mlenje wamba amayenera kukhala ndi mfuti ya shotgun kwa zaka 10 zotsatizana asanaloledwe kukhala ndi rifle, yomwe imaombera patali ndi kulasa molondola. Choncho mnyamata amene wayamba ulenje lero sangalowe msanga m'malo mwa mkulu amene wapachika mfuti. Ngakhale wapolisi wodziwa kuombera ayenera kuphunzira khalidwe la nyamayi, poti chimbalangondo chovulazidwa chimalusa koposa.

Nanga n'chifukwa chiyani zilombozi zikutsikira kwa anthu? Chifukwa choyamba ndi njala. Zisanagone m'mphanga nyengo yonse yachisanu, zimbalangondo zimafunika kunenepa, ndipo zimadalira mtedza wa mitengo ya beech ndi oak. Mu 2023 ndi 2025 mitengo ya beech kumpotoko sidabereke bwino, kotero nyamazi zidalondola fungo la chakudya kumidzi.

Chifukwa chachiwiri ndi kutha kwa midzi. Achinyamata asamukira ku Tokyo ndi mizinda ina, kusiya okalamba. Minda yomwe inkalekanitsa nkhalango ndi nyumba yasanduka tchire, ndipo mitengo ya persimmon imapsa popanda wothyola. Chimbalangondo chimayenda mobisala m'tchiremo mpaka kufika pakhomo, ndipo chikazolowera sichiopanso munthu.

Izi zikutanthauza kuti mfuti ikhoza kupulumutsa moyo pa nthawi ya ngozi, koma payokha singathetse vutoli. M'chaka cha boma cha 2023, zimbalangondo zoposa 9,000 zidagwidwa ndipo zambiri zidaphedwa, komabe patangotha zaka ziwiri imfa za anthu zidakwera. Kuombera mosayang'ana nako kuli ndi ngozi yake: pachilumba cha Kyushu zimbalangondo zakuda zidatheratu, pomwe ku Shikoku zatsala zochepa zedi.

Boma la nduna yaikulu, mayi Sanae Takaichi, lati lithandiza makhonsolo kulemba ntchito alenje okhazikika m'malo modalira anthu ongodzipereka. Ngati ndondomekoyi ingayendere limodzi ndi kulambula tchire, kudula mitengo yazipatso yosiyidwa ndi kumanga mipanda yamagetsi, mpata pakati pa mudzi ndi nkhalango ukhoza kubwereranso. Kupanda kutero, chaka chilichonse chomwe mitengo ya beech yakanika kubereka, okalamba a ku Akita azidzatsegula chitseko m'mawa ali ndi mantha, uku akudikira mlenje wamsinkhu wawo womwewo.