Mphoto ya saikoloje isamangoyang'ana magiredi

Pa mwambo wopereka madigiri, m'mayunivesite ambiri mumakhala kanthawi koitana mayina a omwe akhoza kuposa anzawo. Wina amalandira envulopu ya ndalama, wina laputopu, wina pepala chabe, ndipo amayi amaimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Ine ndilibe nacho chifukwa chizolowezi chimenechi. Wakhama ayamikidwe, poti pano pa Lakeview tonse tikudziwa kuti giredi A sabwera uli m'bulangete. Koma pa phunziro la saikoloje, lomwe limafufuza maganizo ndi khalidwe la munthu, ndikukana kuti GPA yokha ingatiuze amene ali patsogolo.

Tiyambe ndi komwe maphunzirowa akagwire ntchito. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba. A St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kwa zaka zoposa 70 dziko lino linkayendera lamulo la atsamunda la 1948 pa nkhani ya odwala maganizo, zomwe zikusonyeza momwe nkhaniyi tinaikankhira kumbuyo. Chaka ndi chaka apolisi amatiuza kuti ambiri mwa odzipha ndi abambo, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja sizisowa pa zifukwa zomwe amatchula. Taganizani za mlimi wa mbatatesi wa kuno ku Mlangeni yemwe anatenga katapila kuti agule feteleza, kenako n'kukapeza mtengo utagwa pa msika wa Lizulu. Bambo ameneyu sakwera minibasi kupita ku Zomba. Akalankhula n'komwe, alankhula ndi mkulu wa mpingo, mbusa kapena mphunzitsi wa mwana wake. Mawa lino anthu amenewo ndife, makamaka ife ophunzira zauphunzitsi ndi zaubusa.

Ndiye akabwera adzanena chiyani? Sadzatchula mawu a m'buku ayi. Adzati “mtima ukundiwawa,” kapena “mutu wandikulira,” kapena “tulo sindikutiona.” Mwina adzangodandaula za msana. Mayeso athu timalemba m'Chingerezi, ndipo n'zotheka kuloweza masiteji onse a Piaget ndi a Erikson, kukhoza bwino lomwe, koma osatha kuwafotokozera agogo kuti mdzukulu wawo amene wasiya kudya ndi kusamba sanalodzedwe ndipo si waulesi. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku zonse timaziunjika m'mawu amodzi oti misala, ndipo mawu amenewa ndi amene amathawitsa anthu. Wophunzira wodziwa kusiyanitsa nkhawa, kukhumudwa kwa nthawi yaitali ndi khunyu, m'chilankhulo chomwe mayi wa kumudzi angamve, wachita ntchito yovuta kuposa kudzaza masamba asanu a mayeso. Pulofesa Chiwoza Bandawe wakhala akulemba ndi kuphunzitsa za saikoloje yozikika pa umunthu, ndipo ine ndimamva kuti mfundo yake ndi yomweyi, yoti nzeruzi zilankhule ndi Mmalawi momwe alili.

Chitsanzo chili pafupi. Mu 2006 ku Mbare, mumzinda wa Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench. Anaphunzitsa agogo aakazi 14 kukhala pa benchi panja pa chipatala, kumvetsera munthu wovutika ndi kumuthandiza kuthana ndi mavuto ake limodzilimodzi. Vutolo ankalitchula m'Chishona kuti kufungisisa, kumene kuno timati kuganiza kwambiri. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa m'magazini ya madokotala ya JAMA mu 2016 anapeza kuti ocheza ndi agogowo ankapeza bwino kuposa omwe analandira chithandizo cha masiku onse. Agogo amenewa pa mayeso athu sakanaphula kanthu. Sindikuti mabuku tiwataye, chifukwa amene anawaphunzitsa anali dokotala wowerenga kwambiri. Ndikuti luso lomwe linachiza anthu pa benchi lija silioneka pa pepala la zotsatira.

Choncho ngati sukulu yathu, kapena ophunzira akale ofuna kusiya dzina, angaganize zokhazikitsa mphoto ya wochita bwino pa maphunziro a saikoloje ndi uphungu, ndikupempha kuti magiredi atenge theka lokha la malikisi. Theka linalo lichokere pa mayeso a pakamwa. Wophunzira akhale pansi ndi munthu wochita sewero la wovutika maganizo, acheze naye m'Chichewa, kapena m'Chiyao ndi m'Chitumbuka kwa odziwa zilankhulozo, ndipo oweruza aone ngati amamvetsera kapena amathamangira kulalikira. Aonenso ngati akudziwa polekezera. Wophunzira si dokotala, ndipo munthu akatchula zofuna kudzipha, chofunika ndi kusamusiya yekha ndi kumuperekeza kuchipatala, osati kuyeserera pa iye zomwe tinamva m'kalasi Lachiwiri.

Ena adzati GPA ndi yachilungamo poti nambala ilibe mbale, pomwe mayeso a pakamwa amatsegula khomo la kukondera. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, makamaka pa sukulu yaing'ono pomwe mphunzitsi amadziwa aliyense ndi kwawo komwe. Koma madokotala ndi anamwino amayesedwa pamaso pa odwala, ndipo palibe amanena kuti n'kukondera. Oweruza achokere kunja, monga namwino wa matenda a maganizo wa pa chipatala cha boma ku Ntcheu kapena mphunzitsi wa ku Malamulo, ndipo zomwe akayang'ane zilembedwe pa bolodi semesita isanayambe.

Mphotoyonso isakhale envulopu yothera ku sitolo ya mafoni. Ilipire thiransipoti ndi malo ogona kuti wopambanayo akakhale mwezi umodzi akuphunzira ntchito ku Zomba kapena ku St John of God. Akabwerako apatsidwe Sabata limodzi masana m'mipingo yozungulira Mlangeni. Ife a Adventist timaphunzitsa kuti thupi, maganizo ndi mzimu siziyenda padera, komatu m'mapulogalamu athu a zaumoyo soya ndi madzi akumwa zimatenga ola lathunthu, nkhawa n'kupatsidwa mphindi ziwiri. Wopambanayo akagwiritse ntchito ola limenelo kuuza akulu a mpingo ndi madikoni zizindikiro zoyenera kuziona mwa membala amene wayamba kujomba ndi kudzipatula, komanso khomo loti akagogode naye pa chipatala cha Ntcheu.