Ndani Alamule Mawu a M'kompyuta ya Munthu Wosaona?

Pamene Dr Robert Laws anakwera ku Khondowe m'chaka cha 1894 kukamanga sukulu imene inadzatchedwa Overtoun Institution, sanafune kuti anyamata a ku Henga, a ku Phoka ndi a kunyanja adziwe kuwerenga Buku Lopatulika kokha ayi, koma anawaphunzitsanso ukalipentala, kusema miyala, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mawu pa telegirafu. Ndipo pofika 1905, pamene midzi yambiri ya ku Ulaya komweko inali kuyatsabe nyali za mafuta, pa Livingstonia panali kuwala magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi. Chotero boma la Rumphi silinayambe lero kulandira zipangizo zachilendo, ndipo sindiona chifukwa chobisira owerenga anga nkhani imene ena angaiyese ya akatswiri okhaokha, ndiyo ya momwe pulogalamu imodzi ya kompyuta ingalankhulire ndi inzake imene imawerengera anthu osaona.

Abale athu osaona amagwira kompyuta ndi khutu ndi zala. Pakati pa iwo ndi sikirini pamakhala pulogalamu imene ntchito yake ndi kunena mokweza chilichonse chimene wopenya akadachiona ndi maso, kapena kuchitumiza ku kachipangizo kotukula timadontho ta Braille pansi pa zala. Pa Windows zotchuka ndi ziwiri. JAWS inachokera kwa Ted Henter wa ku America, katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto amene anataya maso pa ngozi ya galimoto mu 1978. Inayamba kugwira pa Windows mu 1995, ndipo kufikira lero ndi yogula, pa mtengo umene mphunzitsi wa pulaimale wa ku Bolero sangaufikire msanga ngakhale atamanga lamba miyezi ingapo. NVDA anaiyamba ndi Michael Curran wa ku Australia mu 2006, nathandizana ndi James Teh, onse awiri osaona, ndipo bungwe lawo la NV Access limaipereka kwaulere, kalembedwe kake konse kali poyera, kuti aliyense wodziwa chinenero cha makompyuta cha Python aonjezerepo zimene akusowa. Zoonjezera zoterezi zimakhala ndi timalangizo timene eni ake amatitcha ma script. Munthu amamangirira script iliyonse ku mabatani amene wasankha, ndipo akawadina pamodzi, ntchito imene ikadafuna kudina kakhumi imachitika kamodzi.

M'chigwa cha Henga muli mayi wina wosaona amene amalembera kalabu ya alimi a fodya, ndipo ine ndinakhala nawo tsiku lina loyeza mabelo. Anali atavala chomvera ku khutu limodzi lokha, linalo atalisiyira alimi. Sikirini anali ataizimitsa kuwala kuti batire ya sola isathe msanga, pakuti kwa iwo kuwalako n'kopanda ntchito. Ndipo batani la Insert, limene NVDA imadalira pa malamulo ake ambiri, linali litafufutika chilembo chifukwa cha chala. Pamene anandibwereka chomveracho, mawu anali kuthamanga kotero kuti sindinatolepo ngakhale limodzi, koma iwo anali kumva zonse, nayankhanso moni wa wodutsa panja. Anali ndi script yawo imene, akadina mabatani atatu, inkawerenga kuchokera mu Excel dzina la mlimi, chiwerengero cha mabelo ake, ndi ngongole ya feteleza imene yamutsalira, mwa ndondomeko imene iwo anaikonda.

Tsono mwana wa mlongo wawo, mnyamata wophunzira za makompyuta, anali atalemba kapulogalamu kolandira kulemera kwa belo kuchokera ku sikelo yamagetsi. Ndipo mwa mtima wabwino anafuna kuti sikelo ikangokhazikika, kapulogalamu kakeko kadzutse kokha script ya azakhali ake, kuti iwo asavutikenso ndi kudina.

Pano ndipo pagona nkhani, pakuti makomo olowera kwa pulogalamu yowerengayo ali awiri, ndipo sali ofanana kukula. Loyamba ndi khomo la kulankhula. NV Access imapereka kafayilo kotchedwa Controller Client, kamene wolemba pulogalamu aliyense angakaike pambali pa ntchito yake. Kudzera mwa iko angafunse ngati NVDA ili kugwira ntchito, angaipatse mawu oti inene, angatumize uthenga ku kachipangizo ka Braille, ndipo angaiuze kuti idule mawu amene ili kunena. Mizere yochepa yokwanira pa theka la tsamba imatha ntchito imeneyi, ndipo ubwino wake ngwakuti uthenga umatuluka ndi liwu lomwelo ndi liwiro lomwelo zimene mwini kompyuta anazolowera, osati liwu lina lachilendo lolimbana ndi loyambalo. Lachiwiri ndi khomo la kulamula, ndiko kuuza pulogalamu yowerengayo kuti ichite lamulo lakuti kapena iyendetse script yakuti. JAWS inatsegula khomo limeneli kalekale: pulogalamu yakunja ingaitane RunScript, n'kutchula dzina la script, ndipo idzachitika. Koma Controller Client ya NVDA ilibe chotere. Imanyamula mawu, sinyamula malamulo.

Mnyamata uja, popeza khomo lotseka, anazungulira kuseri monga amachitira anzake ambiri m'dziko lonse lapansi. Njira yofala ndiyo kunamizira kudina: pulogalamu yakunja, kapena kachida konga AutoHotkey, imatumiza mabatani ku Windows ngati kuti chala cha munthu ndicho chawadina, ndipo NVDA, imene mwa chikhalire imalandira mabatani ochokera ku mapulogalamu ena pokhapokha mwini wake atailetsa, imayendetsa script ija. Poyesa pa tebulo zimayenda bwino ndithu. Koma pa tsiku la ntchito, pamene mlembi ali mkati molemba dzina la munthu, mabatani onamizirawo amasakanikirana ndi ake enieni. Akasintha mabatani a script yake tsiku lina, pulogalamu yakunja imapitiriza kudina akale. Ndipo NVDA ikakhala yozimitsidwa, mabataniwo amagwera m'pulogalamu iliyonse imene yatseguka, nachita mmenemo zimene palibe anazifuna. Njira ina, yolongosoka koma yofuna khama, ndiyo kulemba choonjezera chokhala m'kati mwa NVDA momwemo, chimene chimatchera khutu ku uthenga wochokera ku mapulogalamu a m'kompyuta yomweyo, ndi kuvomera malamulo owerengeka okha amene mwini wake anawalola.

Ena amadandaula kuti NVDA inaumira pa chinthu chimene JAWS inapereka mwaufulu. Ine ndiyesa kuchepa kwa khomoli kuli ndi nzeru yake, ndipo wondiphunzitsa nzeruyo sanali katswiri wa ku Australia koma mayi yemwe uja. Mnyamatayo atalongosola cholinga chake, nati, "Ankhazi, simudzadinanso kanthu, zonse zizichitika zokha," iwo anavula chomvera chija, nayankha mofatsa kuti, "Mwana wanga, kulemera kwa belo undiuze, pakuti sikelo sindiiona; koma nthawi yowerenga ngongole ya munthu ndisankhe ndine. Tsiku lina chomverachi chidzaduka, ndipo kompyuta idzalengeza ngongole ya adada awa pamaso pa apongozi awo."

Taonani kulekana kwake. Wopenya, chinthu chikatulukira pa ngodya ya sikirini, amachiponyera diso n'kubwerera pamene anali; koma khutu lili ndi njira imodzi, ndipo mawu atsopano akalowa, akale amaduka, munthu n'kutaya malo amene anafika. Pulogalamu yowerengayo kwa munthu wosaona ili ngati ndodo yake yoyera: wokuuzani kuti kutsogoloku kuli dzenje wakuchitirani zabwino, koma wogwira ndodoyo n'kuikokera kumene iye akuganiza kuti muyenera kupita, ngakhale atatero mwa chikondi, wakulandani mapazi. Buku la Levitiko linaletsa kale kuika chokhumudwitsa panjira ya wosaona, ndipo masiku ano chokhumudwitsa chingathe kukhala chopangidwa ndi mizere ya Python.

Palinso za chitetezo, zimene sitiyenera kuzipeputsa. Pulogalamu yowerenga imamva batani lililonse lodinidwa, ndi manambala achinsinsi omwe. Imaona zenera lililonse lotseguka, la banki ndi la makalata. Ndipo Windows imailola kufika kumene mapulogalamu wamba saloledwa. Zoonjezera za NVDA sizitsekeredwa m'khola: chimene NVDA ingachite, nazonso zingachite. Chifukwa chake khomo lolola pulogalamu iliyonse kuilamula ndi khomo limene mbala nayo idzalipeza, ndipo kwathu kuno, kumene kafulashi kamodzi kamayenda m'makompyuta a ofesi, a sukulu ndi a mokopera nyimbo pa tsiku limodzi, walira mvula walira matope. Si kuti kulamula kuchokera kunja n'koipa nthawi zonse ayi. Choonjezera cha NVDA Remote, chimene Christopher Toth ndi Tyler Spivey anatulutsa mu 2015, ndipo mu 2025 chinalowetsedwa m'NVDA momwemo, chimalola munthu wosaona wa ku Mzuzu kuyendetsa kompyuta ya mnzake wa ku Chiweta ndi kumukonzera chimene chavuta. Koma chimatero pamene onse awiri agwirizana, napatsana mawu achinsinsi, ndipo mwini kompyuta angadule chingwecho nthawi imene wafuna.

Mnyamata uja anamvera. Kapulogalamu kake tsopano kamanena makilogalamu a belo kudzera pa khomo loyamba lija, mawu awiri atatu basi, ndipo script ya ngongole inatsala pansi pa zala za mwini wake.

Koma ndinene zoona, vuto lalikulu m'dziko lathu si la mapulogalamu olamula mopitirira. Ndi la mapulogalamu osalankhula konse. Ambiri amene amalembedwera masitolo, masukulu ndi magulu osunga ndalama amakhala ndi mabatani ojambulidwa ngati zithunzi, opanda dzina limene pulogalamu yowerenga ingalitchule, kotero kuti wosaona amangomva kuti pali batani, pali batani, pali batani, osadziwa kuti losunga ndi liti ndipo lofufuta ndi liti. Wolemba akadangogwiritsa mabatani wamba a Windows ndi kupatsa lililonse dzina lake, theka la mavuto likadatha popanda script iliyonse. Tili ndi lamulo la anthu olumala la 2012 ndi lolowa m'malo mwake la 2024. Tinalowa m'pangano la Marrakesh mu 2017 kuti mabuku afike kwa osaona. Koleji ya Montfort ku Nguludi imasula aphunzitsi awo, ndipo ana athu a kumpoto akhala akuphunzira Braille ku Ekwendeni. Nanga mwana wotere, ataphunzira zaka zonsezi, akafika pa ofesi n'kupeza pulogalamu yosalankhula, tidzati ntchito yamukanika ndi iye, kapena tamutsekera ndife? Ndipempha aphunzitsi a za makompyuta pa University of Livingstonia, imene yakhala pa phiri lathu kuyambira 2003, kuti wophunzira asalandire malikisi a pulogalamu yake asanaiyese sikirini itazimitsidwa, NVDA yokha ili kumutsogolera. Pakuti kuitenga n'kwaulere, ndipo imatha kuyenda kuchokera pa kafulashi popanda kuiika m'kompyuta.

Ntchito ina ili pafupi kwambiri. Kuyambira 2023 NVDA imadziwa kulemba Braille ya Chichewa cha ku Malawi, ndipo ichi ndi chinthu choyamika. Koma mayi wa ku Henga uja amagwira ntchito ndi liwu lachingelezi, limene likafika pa mayina ngati Mhango, Gondwe, Msiska ndi Nyirenda limawaphwanya mwakuti mwini dzina sangadzizindikire. Ndipo iwo, dzina ndi dzina, akhala akuwongola katchulidwe kake m'kabuku ka matchulidwe kamene NVDA imalola munthu kudzilembera. Kabuku kameneko ndi kafayilo kakang'ono kotheka kukopera. Bungwe la Malawi Union of the Blind likadasonkhanitsa timabuku totere kwa mamembala ake, la Chitumbuka pakepake ndi la Chichewa pakepake, mlembi watsopano wa ku Mhuju kapena ku Bolero akadayamba ntchito yake mayina a alimi ake ali kumveka kale bwino.