Kapuchi sanafe, wangogona m'mapesi anu

Mukadutsa m'munda nyengo ino ya chisanu mumaona ngati nkhondo ya mbozi yatha. Chimanga chili m'nkhokwe, masamba auma, palibe chikuuluka. Koma tengani phesi limodzi lokhuthala, mulibenthule ndi chikwanje cha kumunsi, pafupi ndi mizu. Mwina mupezamo mphutsi yotuwira, yonenepa, yongokhala phee. Ameneyo ndi kapuchi amene adzaboole chimanga chanu mu Disembala.

Mphutsiyi sikudwala. Ofufuza za tizilombo akhala zaka zambiri akuphunzira tulo totere, ndipo anapeza kuti ndi thupi la kachilomboko limene limatiyambitsa. Chimanga chikamakhwima ndi kuuma, timadzi tochokera m'tiziwalo ta pafupi ndi ubongo wa mphutsi timailetsa kusanduka gulugufe. Imasiya kudya, imapuma pang'onopang'ono, n'kumakhalira mafuta amene inasunga kwa miyezi ingapo. Kumaiko ozizira tizilombo timachita zimenezi pothawa chisanu. Kuno kapuchi wa mtundu wa Busseola fusca, amene amakonda madera okwera ngati Dedza, Ntcheu ndi Mzimba, amathawa chilimwe. Chomudzutsa chachikulu ndi madzi. Phesi likanyowa ndi mvula yoyamba, mphutsi imayamba kusintha, ndipo patapita masabata ochepa gulugufe amatuluka usiku, nthawi yomweyo imene chimanga chanu chili chanthete.

Tsono funso lathu ndi ili: bwanji timadikira kuti mdani adzuke, aikire mazira ndi kulowa m'mtima mwa chimanga, kenako n'kuyamba kuthamangira mankhwala odula, pomwe kwa miyezi inayi kapena isanu wagona pamalo amodzi, osatha kuthawa?

Mapesi oimirira ndiwo nyumba yake yabwino. Momwemonso mikukwe yosiyidwa m'munda, mapesi ounjikidwa mumthunzi kudikira ng'ombe, ndi aja timamangira mpanda wa bafa kapena khola. Kafukufuku wa ku Ethiopia anaonetsa kuti kudula mapesi n'kuwagoneka pansi, momwazika, padzuwa kwa masabata angapo kumapha mphutsi zambiri, chifukwa phesi logona limatentha ndipo nyerere zimalowamo mosavuta. Izi sizitsutsana ndi ulimi wa mleranthaka umene alangizi akhala akukuphunzitsani. Phimbirani ndithu, koma mudule motsika, muyale mopyapyala, ndipo zitsa muzizule kuti dzuwa la Seputembala ndi Okutobala lizipeze. Kutentha munda sitikuvomereza: muphadi kapuchi, komanso mupha chonde chimene feteleza wa masiku ano, ndi mtengo wakewu, sangakubwezereni.

Gulugufe akatuluka, chimamutsogolera kumunda ndi fungo. Alibe mphuno ngati yathu. Amanunkhiza ndi tinyanga tiwiri ta kumutu, ndipo uthenga umapita ku kachigawo ka ubongo kosiyanitsa mafungo. Wamkazi amatulutsa fungo loitana wamwamuna. Fungo la mtundu umenewu linadziwika koyamba mu 1959, pamene Adolf Butenandt wa ku Germany analipeza mwa agulugufe a silika. Misampha ya pulasitiki ija imene alangizi amapachika m'minda inachokera kumeneko. Koma tinene mosabisa, poti ena akuiyesa mankhwala: msampha umagwira aamuna okha. Ntchito yake ndi kukuuzani kuti agulugufe afika, yambani kuyendera munda. Sutchinjiriza chimanga.

Nzeru ya fungo imene yapindulitsa alimi kwambiri ndi ija inayambira kumadzulo kwa Kenya m'zaka za m'ma 1990, motsogozedwa ndi Zeyaur Khan wa bungwe la icipe mogwirizana ndi a Rothamsted a ku Britain. Pakati pa mizere ya chimanga mumabzala desimodiyamu, ndipo m'mbali mwa munda mumazunguliza nsenjere. Gulugufe amakopeka ndi nsenjere n'kukaikira mazira kumeneko, koma timphutsi tikayamba kuboola, udzuwo umatulutsa utomoni womata ndipo tambiri timafa. Akatswiri akukanganabe za desimodiyamu. Oyambitsa njirayi amati fungo lake limathamangitsa gulugufe. Ofufuza ena posachedwapa anapeza kuti chimene chikugwira ntchito kwambiri ndi timaubweya tangowe ta pa tsinde lake, tomwe timakola ndi kupha mphutsi. Asiyeni akangane. Mbali zonse zikuvomereza kuti mbozi zimachepa, ndipo mizu ya desimodiyamu imafooketsanso kaufiti, pomwe masamba ake ndi chakudya cha ng'ombe za mkaka ndi mbuzi. Vuto kuno kwathu ndi mbewu yake, imene siipezeka wamba m'masitolo. Apa unduna wa zaulimi ndi makalabu a alimi a mkaka akuyenera kuchitapo kanthu, chifukwa kumuuza mlimi njira yopanda mbewu n'kumutayitsa nthawi.

Chenjezo limodzi. Mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija, zimene zinachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, sizigona konse. Zilibe tulo ta chilimwe, choncho kugoneka mapesi sikuzikhudza kwenikweni. Izo zimadutsa nyengo ino zikudya chimanga chobiriwira cha m'madimba ndi m'masikimu a mthirira. Ngati muli ndi dimba, yenderani kawiri pa sabata, mamawa kapena madzulo, muziphwanya mazira ndi kutola mbozi zisanalowe mu nsonga.

Za kapuchi, musachite nokha. Gulugufe sadziwa malire a munda, ndipo mapesi oimirira a mnzanu wa pafupi akhoza kufafaniza ntchito yanu yonse. Kambiranani kwa amfumu kapena ku kalabu, mugwirizane sabata imodzi yodula ndi kuyala mapesi m'mudzi monse, Ogasiti asanathe. Aja a mpanda ndi khola muwagwiritse ntchito atakhala kale padzuwa, ndipo otsala ng'ombe ziwamalize mvula isanagwe.