Timabowo ta pansi pa chitseko

Tiyambe ndi mawu kaye, poti ambirife Chichewa tinachitolera kukhitchini kwa amayi. Khomo ndi malo olowera, chitseko ndi chimene chimatseka khomolo. Lero tikukamba za chitseko, cha galimoto.

Chitseko cha galimoto n'champhako, ndipo madzi amalowamo. Sikuti chawonongeka ayi, anachipanga choncho. Raba yogunda galasi ija siingatseke madzi onse, chifukwa galasilo limayenera kukwera ndi kutsika. Ndiye opanga magalimoto anangovomereza kuti madzi azilowa ndithu, n'kuwaboolera potulukira: timabowo tiwiri kapena titatu pansi penipeni pa chitseko. Ine wolemba mapulogalamu a kompyuta nzeru imeneyi imandisangalatsa. Kuntchito sitilonjeza kuti pulogalamu sidzalakwitsa, timangoikonzera njira yoti ikalakwitsa isagwetse zonse.

Vuto limayamba timabowoti tikatsekeka. Kuno ku London ambirife tilibe galaja, galimoto imagona pamsewu pansi pa mitengo. Okutobala ndi Novembala masamba amayoyoka, tizinyalala take n'kumatsetsereka ndi galasi pamodzi ndi fumbi, pansi paja n'kusanduka matope. Kukazizira makhonsolo amawaza mchere m'misewu, ndipo mchere ukakumana ndi chitsulo chonyowa mwana wake ndi dzimbiri. Chodabwitsa n'chakuti mvula ya ku London pachaka ndi yochepa poyerekeza ndi ya ku Lilongwe, mamilimita pafupifupi 600 basi. Koma ya kumudzi imavumba m'miyezi yake n'kuleka, dzuwa n'kuumitsa zonse. Ya kuno ndi yowaza, mwezi ndi mwezi, chitseko osapeza mpata wouma.

Palinso nkhani ya ULEZ. Kuyambira pa 29 Ogasiti 2023 inafika m'madera onse a London, ndipo galimoto yosakwaniritsa malamulo a utsi imalipira £12.50 tsiku lililonse imene yayenda. Ya dizilo imafunika ikhale Euro 6, pomwe ya petulo Euro 4 ndi yokwanira, kutanthauza kuti zambiri za 2006 zimadutsa. Amalume ndi azakhali angapo amene ndimawadziwa anagulitsa dizilo n'kugula petulo yakale, yotchipa. Nzeru yabwino, koma galimoto yazaka zimenezo raba zake zinauma kalekale, ndipo sindikhulupirira kuti mwini wake woyamba anawerama n'kamodzi komwe kusuzumira pansi pa chitseko.

Mudziwa bwanji kuti zatsekeka? Mukaponda buleki kapena kukhota, m'chitseko mumamveka khuvukhuvu ngati munthu wasenza ndowa. Magalasi amachita nthunzi m'mawa, kapeti imanyowa n'kumanunkha chuku. Madziwo akakwera amafika pa sipika, pa mawaya ndi pa mota yokweza galasi, ndiye apo mwalowa m'manja mwa makaniko wa ku London, amene amalipiritsa pa ola. Dzimbiri nalo limayambira mkati. Mukaona penti ikutuwa matuza kunja, dziwani kuti mkatimo munadyeka kale. Musadalire MOT eti. Iwo amaona ngati chitseko chikutseguka ndi kutseka bwino, ndiponso ngati dzimbiri lasiya chitsulo chakuthwa. Timabowo si ntchito yawo.

Kukonza kwake n'kwa mphindi 5. Tsegulani chitseko, gwadani, papasani m'mphepete mwa pansi. Magalimoto ena timabowoto timabisika kuseri kwa raba, ingoikokani pang'ono. Tokosani ndi kapulasitiki kaja komangira mawaya. Sikuludiraiva kapena msomali ayi chonde, mukanda penti n'kulitsegulira nokha njira dzimbiri lomwelo. Mapazi muwachotsepo, madzi akuda atha kukhuthuka. Kenako tsekani galasi, thirani botolo la madzi kunja kwake, muone ngati akudontha pansi. Teroni zitseko zonse, kamodzi masamba akatha kugwa, kenanso cha m'Malichi mchere ukatha m'misewu.